Router ya panyumba ndi firmware ina: mbili yake, kaikidwe kake ndi zofunika kusamala

Nyumba iliyonse imene ili ndi Wi-Fi imadalila kabokosi kochedwa router. Mauthenga a pa foni, ndalama zotumizidwa kupitila pa intaneti, maphunzilo a ana ndi nchito za muofesi, zonse zimadutsa m'kabokosi kameneka zisanatuluke kunja. Ngakhale n'telo, anthu ambili akagula router amangoilumikiza ku magetsi ndi kuiiwala kwa zaka zambili, osadziwa kuti kampani imene inaipanga mwina inaleka kale kukonza zolakwika zake.

Eni ma router ena amathetsa vuto limeneli mwa kucotsa pulogilamu imene inabwela ndi router ndi kuikamo ina yolembedwa ndi magulu a akatswili odzipeleka. Nchito imeneyi ingawonjezele zaka pa moyo wa router ndi kulimbitsa citetezo ca banja. Koma ikagwilidwa mosasamala, ingawononge cipangizo m'mphindi zocepa cabe.

Router ndi firmware n'ciani

Router ndi kompyuta yaing'ono. Ili ndi purosesa, ili ndi malo osungilamo pulogilamu ochedwa flash, ili ndi malo ogwililamo nchito ochedwa RAM, ndipo ili ndi wailesi yotumiza ndi kulandila mafunde a Wi-Fi. Nchito yake ndiyo kulandila intaneti kucokela ku kampani yogulitsa intaneti ndi kuigawila mafoni, makompyuta ndi ma TV a m'nyumba. Imapatsa cipangizo ciliconse adilesi yake, ndiponso imatsekeleza alendo osaitanidwa ocokela kunja.

Firmware ndiyo pulogilamu imene imayendetsa zonsezi. Imakhala mu flash, ndipo imayamba kugwila nchito router ikangoyatsidwa. Tsamba limene munthu amatsegula pofuna kusintha dzina la Wi-Fi kapena mau acinsinsi ndi mbali imodzi ya firmware. Firmware ina, kapena kuti firmware ya m'malo, ndi imene sinalembedwe ndi kampani yopanga router koma imatha kuyendetsa cipangizo comweco.

Mmene zinayambila

Nkhani imeneyi inayamba ndi router ya Linksys WRT54G, imene inayamba kugulitsidwa mu December 2002. Inali ndi flash ya 4 MB ndi RAM ya 16 MB, ndipo Wi-Fi yake inali kufika pa liwilo la 54 Mbps. M'caka ca 2003, akatswili a makompyuta anazindikila kuti firmware yake inamangidwa pa Linux, pulogilamu imene Linus Torvalds wa ku Finland anayambitsa mu 1991.

Linux imagawidwa pansi pa cilolezo cochedwa GPL. Cilolezo cimeneci cimalola aliyense kusewenzetsa pulogilamuyo ndi kuisintha, koma cimalamula kuti wogulitsa cinthu cimene muli pulogilamuyo apelekenso malemba ake oyambilila kwa anthu. Kampani ya Cisco, imene inagula Linksys m'caka comweco pa mtengo wa madola 500 miliyoni, inakakamizidwa kutsatila lamulo limeneli, ndipo malembawo anatulutsidwa poyela mu 2003.

Malembawo atapezeka, anthu m'maiko osiyana-siyana anayamba kuwasintha ndi kuwonjezelamo zinthu zimene kale zinali kupezeka m'makina odula a makampani akulu-akulu okha. Gulu la OpenWrt linayamba mu 2004. DD-WRT inatuluka mu 2005, yolembedwa ndi Sebastian Gottschall wa ku Germany, ndipo zilembo za DD ndi zimene zimalembedwa pa manambala a galimoto za mumzinda wa Dresden. Tomato ya Jonathan Zarate inatsatila mu 2006.

Mu 2005, Linksys inatulutsa mtundu wacisanu wa WRT54G umene unacoka pa Linux kupita pa pulogilamu ya VxWorks, ndipo flash inacepetsedwa kufika pa 2 MB, RAM pa 8 MB. Dzina pa bokosi linali limodzi-modzi koma zamkati zinali zosiyana. Pofuna kusangalatsa okonda kusintha firmware, kampaniyo inatulutsanso WRT54GL imene inakhalabe pa Linux. Phunzilo la cocitika cimeneci likali kugwila nchito: dzina la router palokha silikwanila, munthu afunika kudziwanso nambala ya mtundu wake.

Mu 2016 akatswili ena anapatuka ku OpenWrt ndi kuyambitsa gulu la LEDE, koma magulu awiliwa anagwilizananso mu 2018 pansi pa dzina lakale. Kumapeto kwa 2024 gululi linatulutsa router yakeyake yochedwa OpenWrt One.

Mitundu yodziwika kwambili

OpenWrt imagwila nchito pa zipangizo zoposa 1,000 za makampani osiyana-siyana. Imabwela ndi zinthu zofunika zokha, ndipo mwini wake amawonjezela mapulogilamu ena malinga ndi zimene afuna. Tsamba lake loyendetsela zinthu limachedwa LuCI.

DD-WRT imabwela ndi zinthu zambili zoikidwilatu m'fayilo imodzi. FreshTomato, imene ikupitiliza nchito ya Tomato, ndi ya ma router okhala ndi zipangizo za kampani ya Broadcom. Asuswrt-Merlin ya Eric Sauvageau ndi ya ma router ena a Asus okha, ndipo imasunga maonekedwe a firmware ya kampaniyo koma ndi zowonjezela.

Cimene cimasiyanitsa kwambili mitundu imeneyi ndi zipangizo za mkati mwa router. OpenWrt imayenda bwino pa ma router ambili okhala ndi zipangizo za MediaTek ndi Qualcomm Atheros. Pa ambili okhala ndi za Broadcom, Wi-Fi siyenda bwino kapena siyenda n'komwe, cifukwa kampaniyo sinatulutse poyela malemba oyendetsela wailesi yake. Zitsanzo za m'nkhani ino n'za OpenWrt, koma mfundo zake zimagwilanso nchito pa mitundu inayo.

Cifukwa cake anthu amasintha firmware

Cifukwa cacikulu ndi citetezo. Makampani amakonza zolakwika za router kwa zaka zingapo, kenako amaleka n'kuika maganizo pa mitundu yatsopano. Router yosiyidwa motele imapitiliza kugwila nchito, koma mipata imene akuba a pa intaneti amapeza m'pulogilamu yake siitsekedwanso.

Ngozi imeneyi inaonekela poyela mu 2016, pamene pulogilamu yoipa yochedwa Mirai inalowa m'makamela ndi ma router ambili mwa kuyesa maina ndi mau acinsinsi pafupifupi 60 amene makampani amaikilatu ku fakitale. Mu October caka cimeneco, zipangizo zogwidwazo zinasewenzetsedwa kuukila kampani ya Dyn ku America, ndipo Twitter, Netflix ndi malo ena ochuka anasokonezeka kwa maola angapo. Mu May 2018, akatswili a Cisco Talos analengeza kuti pulogilamu ina yoipa, VPNFilter, inalowa m'zipangizo zosacepela 500,000 m'maiko 54. Eni ake ambili sanadziwe ciliconse, cifukwa intaneti yao inali kuyenda monga mwa masiku onse.

Cifukwa caciwili ndi ulamulilo pa netiweki ya m'nyumba. Firmware ina imalola mwini nyumba kuona cipangizo cimene cikutha mabandulo, kupatula Wi-Fi ya alendo, kuika nthawi imene mafoni a ana amalekela kulandila intaneti, ndi kutsekeleza zotsatsa malonda zambili. Cacitatu ndi ndalama: router yakale ingasandutsidwe cipangizo cowonjezela Wi-Fi ku zipinda zakutali m'malo moitaya.

Zofunika kuganizila nchito isanayambe

Ngozi yoyamba ndiyo kupha router. Fayilo yolakwika ikalembedwa mu flash, kapena magetsi akazima nchito ili pakati, router ingalephele kuyakanso. Akatswili amaicha brick, kutanthauza njelwa, cifukwa imakhala yopanda nchito monga njelwa ili pa thebulo.

Caciwili, makampani ambili sabweza kapena kukonza kwaulele router imene yasinthidwa firmware. Cacitatu, router imene inabwela ndi kampani yogulitsa intaneti ingakhale katundu wa kampaniyo, ndipo nthawi zambili imakhala ndi zokonza zapadela zimene zikafufutika intaneti imaleka. Router yotelo siyenela kukhudzidwa. Njila yabwino ndiyo kugula ina ndi kuilumikiza kumbuyo kwake ndi nthambo.

Mfundo imeneyi ikhudzanso mabanja ambili m'Zambia amene amalandila intaneti kupitila m'ma router a 4G olowetsamo SIM kapena tuzipangizo twa m'thumba twa MiFi. Tuzipangizo twambili twa mtundu umenewu situlandila firmware ina. Router ya 4G yokhala ndi doko la nthambo ingasiyidwe mmene ilili, n'kukhala gwelo la intaneti la router yaciwili.

Cacinai ndi kukula kwa flash ndi RAM. Gulu la OpenWrt linaleka kutulutsa firmware ya ma router a 4 MB flash ndi 32 MB RAM pambuyo pa mtundu wa 19.07, ndipo limacenjeza kuti a 8 MB ndi 64 MB nawonso ndi opelewela. Wogula router yatsopano afunika kusankha ya flash yosacepela 16 MB ndi RAM yosacepela 128 MB. WRT54G imene inayambitsa zonsezi siingathenso kunyamula OpenWrt ya masiku ano.

Kukonzekela

Coyamba ndi kutembenuza router ndi kuwelenga cipepala comatidwa pansi pake. Pamenepo pamalembedwa dzina la mtundu ndi nambala yake, monga v1, v2 kapena v5. Dzina ndi nambalayo zifunika kufufuzidwa pa mndandanda wa zipangizo wa OpenWrt wochedwa Table of Hardware. Router iliyonse yovomelezeka ili ndi tsamba lake lofotokoza kaikidwe kake, ndipo tsambalo liyenela kuwelengedwa lonse, kuphatikizapo mbali yokamba za kubwezeletsa router zinthu zikalakwika. Ngati mtundu weni-weniwo sukupezeka pa mndandanda, nchito ithele pomwepo. Fayilo ya router ina yofanana nayo dzina siiyenela kuyesedwa.

Caciwili ndi kutenga mafayilo oyenela. Pa ma router ambili pamakhala mafayilo awili. Ya dzina lokhala ndi liu lakuti factory ndiyo yoikila koyamba, pocoka pa firmware ya kampani. Ya dzina lokhala ndi liu lakuti sysupgrade ndi ya router imene ili kale ndi OpenWrt. Woyamba kumene asankhe mtundu wokhazikika, wokhala ndi nambala monga 24.10, osati woyesela wochedwa snapshot, popeza woyeselawo subwela ndi tsamba la LuCI.

Mafayilo atengedwe pa webusaiti ya gululo basi. Pafupi ndi fayilo iliyonse pamakhala mzele wautali wa zilembo ndi manambala wochedwa SHA256. Kompyuta imatha kuwelengela mzele womwewo pa fayilo imene yatengedwa. Mizele iwiliyo ikasiyana, ndiye kuti fayilo inawonongeka panjila ndipo iyenela kutengedwanso.

Cacitatu ndi kusungilatu pa kompyuta firmware yoyambilila ya kampani ndi malangizo onse, cifukwa nchito ikayamba intaneti ya m'nyumba imaduka. Zokonza za router yakale zilembedwe papepala, maka-maka dzina ndi mau acinsinsi a PPPoE ngati kampani ya intaneti inapeleka zimenezi.

Cacinai ndi magetsi. Kulemba firmware kumatenga mphindi zocepa, koma mphindi zimenezo n'zimene router imafela. Kumene magetsi amazima-zima, monga mmene zinalili m'Zambia mu 2024 cilala citacepetsa madzi ku Kariba, router ilumikizidwe ku UPS, ku inveta kapena ku kabatile kosungila ma router. Ma router ambili amasewenzetsa mavoti 12, koma nambala yolembedwa pansi pa router ndiyo iyenela kutsatidwa. Laputopu yodzaza batile ndi yabwino kuposa kompyuta ya pa thebulo.

Kuika firmware

Kompyuta ilumikizidwe ku router ndi nthambo ya Ethernet pa limodzi la madoko olembedwa LAN. Wi-Fi siyenela kusewenzetsedwa pa nchito imeneyi cifukwa ingaduke fayilo ili panjila. Nthambo ya intaneti ya pa doko la WAN icotsedwe, ndipo Wi-Fi ya pa laputopu izimitsidwe.

Pa ma router ambili, munthu amatsegula tsamba la firmware ya kampani, amene adilesi yake nthawi zambili ndi 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1, n'kupita pa mbali yolembedwa Firmware Upgrade. Pamenepo amasankha fayilo ya factory ndi kuvomeleza. Ma router ena amakana fayilo yosacokela ku kampani yao, ndipo amafuna njila ina monga ya TFTP. Tsamba la router pa webusaiti ya OpenWrt limafotokoza njila yoyenela.

Kulemba kukayamba, router isakhudzidwe. Magetsi ake ang'ono-ang'ono amaphethila, amazima ndi kuyakanso, ndipo tsamba la pa kompyuta lingaoneke ngati laima. Imeneyi ndiyo nthawi imene anthu osaleza mtima amazula pulagi n'kupha cipangizo. N'kwanzelu kuyembekezela mphindi zosacepela 5, ndipo kufika pa 10 sikulakwa.

Router ikayakanso, OpenWrt imapezeka pa adilesi ya 192.168.1.1. Ngati tsamba silikutseguka, nthambo izulidwe ndi kubwezeletsedwa kuti kompyuta ilandile adilesi yatsopano. Wi-Fi siioneka pa foni panthawi imeneyi. Kumeneku si kuwonongeka: OpenWrt imabwela Wi-Fi ili yozima dala, kuti pasakhale netiweki yotseguka mwini wake asanaike mau acinsinsi.

Zokonza zoyambilila

Dzina lolowela ndi root, ndipo poyamba sipakhala mau acinsinsi. Nchito yoyamba ndiyo kuwaika, pa System kenako Administration. Mau amenewa ndi a woyang'anila router, ndipo ayenela kusiyana ndi a Wi-Fi amene amapatsidwa kwa a m'banja ndi alendo. Pa System pomwepo pasankhidwe nthawi ya dela, imene kwa okhala m'Zambia ndi Africa/Lusaka, kuti malamulo odalila wochi aziyenda pa ola loyenela.

Kenako nthambo ya intaneti ibwezeletsedwe pa doko la WAN. Ngati gwelo ndi router ya kampani, ya 4G kapena ya setilaiti, intaneti imayamba yokha cifukwa OpenWrt imapempha adilesi kupitila mu DHCP. Ngati kampani imafuna PPPoE, dzina ndi mau acinsinsi zilembedwe pa Network kenako Interfaces.

Vuto lofala limabuka pamene ma router awiliwo ali ndi adilesi yofanana ya 192.168.1.1. Zikatelo router yatsopano imasokonezeka, siidziwa kusiyanitsa za m'nyumba ndi za kunja, ndipo intaneti siyenda. Mankhwala ake ndi kusintha adilesi ya LAN ya router yatsopano kukhala ina, monga 192.168.5.1. Adilesi ikasinthidwa, tsamba litsegulidwe mwamsanga pa adilesi yatsopanoyo, cifukwa LuCI imabweza zosintha ikaona kuti kompyuta yalephela kulumikizananso nayo.

Kukonza Wi-Fi

Wi-Fi imakonzedwa pa Network kenako Wireless. Ma router ambili ali ndi mawailesi awili. Ya 2.4 GHz imafika patali ndipo imapyola bwino zipupa, koma imakhala yodzaza. Ya 5 GHz ndi yaliwilo koma imafooka msanga ikakumana ndi zipupa za njelwa ndi konkile.

Coyamba kusankha ndi dziko. Cizindikilo ca Zambia ndi ZM. Cizindikilo cimeneci cimauza router machanelo ndi mphamvu zimene zimaloledwa. Mafunde a wailesi amayang'anilidwa ndi boma m'dziko lililonse, ndipo m'Zambia nchito imeneyi ili m'manja mwa bungwe la ZICTA. Mbali ina ya 5 GHz imagawanidwa ndi makina a rada oona za nyengo, n'cifukwa cake router imasamuka yokha pa chanelo ikamva rada. Ku America nkhani imeneyi inafika ku bungwe la FCC, limene mu August 2016 linalipilitsa kampani ya TP-Link madola 200,000 cifukwa ca ma router otha kupyola mphamvu yololedwa, ndipo kampaniyo inavomela kugwilizana ndi olemba firmware ina pofuna njila yoti anthu aziikabe firmware yao popanda kuswa malamulo a mafunde.

Kukweza mphamvu ya wailesi kufika pamapeto sikuthandiza kweni-kweni. Foni ingamve router ili patali, koma mau a foniyo ndi ofooka ndipo safika ku router. Cothandiza ndi kuika router pakati pa nyumba, pamalo okwela, kutali ndi zitsulo, osati m'kabati kapena kumbuyo kwa TV. Pa 2.4 GHz machanelo osalowelana ndi 1, 6 ndi 11. M'mafulati ndi m'makomboni mmene nyumba zili zothithikana, LuCI imatha kuonetsa machanelo amene anansi akusewenzetsa kuti munthu asankhe yopepukilapo.

Pa citetezo, njila yoyenela ndi WPA2 kapena WPA3. WPA2 inayamba mu 2004 ndipo WPA3 mu 2018, ndipo OpenWrt imabwela ndi WPA3 kuyambila pa mtundu wa 21.02. Ngati m'nyumba muli mafoni akale okana WPA3, pali njila yosakaniza ziwilizi. Njila yakale ya WEP inapezeka ndi zofooka zazikulu mu 2001 ndipo imathyoledwa m'mphindi zocepa. Mau acinsinsi a Wi-Fi amaloledwa kukhala ndi zilembo 8 kufika 63. Mau anai kapena asanu osagwilizana, olembedwa motsatizana, ndi ovuta kuwalota koma osavuta kuwakumbukila. Nambala ya foni, dzina la mwana ndi tsiku lobadwa n'zimene anthu oyandikana nawo amayamba kuyesa.

Njila yolumikizila ndi nambala ya WPS ikhale yozima. Mu December 2011, Stefan Viehböck anaonetsa kuti nambala yake ya manambala 8 ingapezeke mwa kuyesa nthawi zosapitilila 11,000. OpenWrt siibwela ndi njila imeneyi ili yoyaka.

Kusewenzetsa router tsiku ndi tsiku

Mapulogilamu owonjezela amapezeka pa System kenako Software. Flash ndi yaing'ono, conco n'kwanzelu kuikamo zofunika zokha.

Netiweki ya alendo ndi Wi-Fi yaciwili yokhala ndi dzina lake ndi mau ake acinsinsi. Wolowapo amapeza intaneti koma safika pa makompyuta a m'nyumba kapena pa tsamba la router. Imathandiza pa nyumba yokhala ndi alendi, pa kashopu, pa saluni ndi pa nyumba yogona alendo. Makamela ndi ma TV ochipa amene salandila zokonza kucokela ku makampani ao angaikidwenso pa netiweki imeneyi.

Pulogilamu ya SQM imathetsa vuto lodziwika m'mabanja ambili: wina akayamba kutumiza vidiyo kapena fayilo yaikulu, kulankhulana pa WhatsApp kumayamba kuduka-duka. Cimacititsa ndi mzele wautali wa uthenga umene umaunjikana m'zipangizo, vuto limene katswili Jim Gettys analichukitsa ndi dzina lakuti bufferbloat. SQM imacepetsa liwilo pang'ono kuti mzelewo usapangike, n'kugawa mpata mwacilungamo. Mwini router amayeza liwilo la intaneti yake ndi kulemba pafupifupi 90 pelesenti yake. Mwacitsanzo, ngati liwilo lolandila ndi 20 Mbps ndipo lotumiza ndi 5 Mbps, amalemba 18,000 ndi 4,500, popeza bokosilo limawelengela mu kbit/s. Pa 4G liwilo limasintha-sintha ndi nthawi, conco nambala itengedwe pa maola amene netiweki imakhala yodzaza.

Kwa ogula mabandulo, pulogilamu ya nlbwmon imaonetsa kuculuka kwa data imene cipangizo ciliconse catha, ndipo vnStat imaonetsa ya nyumba yonse pa tsiku ndi pa mwezi. Manambala amenewa amathetsa mikangano ya m'nyumba yonena za amene wamaliza bandulo. Pulogilamu ya adblock imatsekeleza maadilesi ambili a zotsatsa malonda pa zipangizo zonse, koma siitha kucotsa zotsatsa za mkati mwa mavidiyo a YouTube. WireGuard imalola mwini nyumba kulowa pa netiweki yake motetezeka ali paulendo, malinga ngati kampani ya intaneti imapeleka adilesi yofikika kucokela kunja, cinthu cimene makampani ambili a mafoni sacita.

Tsamba la router siliyenela kutsegulidwa ku mbali ya WAN. OpenWrt imabwela mbali imeneyi ili yotseka, ndipo ndi mmene iyenela kukhalila.

Kukonzanso firmware

Firmware ina siiteteza mpaka kale-kale. Router ya OpenWrt yosiyidwa zaka zambili imakhala pa ngozi mofanana ndi ina iliyonse. Mwini wake afunika kuona miyezi ingapo iliyonse ngati patuluka mtundu watsopano.

Pa System kenako Backup / Flash Firmware pali batani losungila zokonza zonse m'fayilo imodzi. Fayilo imeneyi isungidwe pa kompyuta router ikangokonzedwa bwino, ndiponso firmware yatsopano isanaikidwe. Pa tsamba lomwelo ndi pamene fayilo ya sysupgrade imalowetsedwa. Zokonza zimasungika, koma mapulogilamu owonjezela amafufutika ndipo afunika kuikidwanso. Pulogilamu ya Attended Sysupgrade imapewetsa nchito imeneyi mwa kupempha fayilo yokhala kale ndi mapulogilamuwo. Gulu la OpenWrt limaletsa kukonza mapulogilamu onse pamodzi kupitila pa tsamba la Software, cifukwa kutelo kungadzaze flash kapena kusokoneza router.

Zinthu zikalakwika

Ma router ambili amene amaoneka ngati afa amakhala atangokonzedwa molakwika. OpenWrt ili ndi njila yopulumukila yochedwa failsafe. Router imayatsidwa, ndipo kagetsi kake kakayamba kuphethila, munthu amadinikiza batani la reset. Kagetsiko kakayamba kuphethila mofulumila kwambili, router yalowa mu failsafe ndipo yanyalanyaza zokonza zonse. Kompyuta ipatsidwe pamanja adilesi ya 192.168.1.2, kenako munthu alowe pa 192.168.1.1 kupitila mu SSH. Lamulo lakuti firstboot limafufuta zokonza zonse ndi kubwezela router mmene inalili firmware itangoikidwa.

Ngati firmware yeni-yeniyo yawonongeka, ma router ambili ali ndi kapulogilamu koyambila kamene kamatha kulandila fayilo yatsopano kupitila mu TFTP kapena pa tsamba lopulumutsila. Apa ndi pamene firmware ya kampani yosungidwa ija imagwila nchito. Njila yomaliza ndiyo kutsegula bokosi ndi kulumikiza nthambo ya serial pa bolodi, nchito yofunika munthu wozolowela kukonza zamagetsi.

Kubwelela ku firmware ya kampani n'kotheka pa ma router ambili, koma njila zake zimasiyana. Pa mitundu ina fayilo ya kampani ifunika kudulidwa mbali yoyambilila isanalembedwe, ndipo kuilemba yonse kungaphe router.

Amene nchitoyi ingawathandize

Router yatsopano imene ikali kulandila zokonza kucokela ku kampani yake siifunika kusinthidwa firmware ngati ikukwanilitsa zofuna za banja. Mwini wake angalimbitse citetezo mwa kusintha mau acinsinsi a ku fakitale, kuzimitsa WPS, kutseka njila yoyendetsela router kucokela kunja ndi kuika zokonza zatsopano zikatuluka.

Firmware ina ndi yaphindu kwa amene router yao inasiyidwa ndi kampani, kwa amalonda ang'ono-ang'ono ogawila makasitomala Wi-Fi, ndi kwa ophunzila za makompyuta ofuna kudziwa mmene netiweki imayendela. Amene ali ndi router imodzi yokha, yomwe banja lonse limadalila, angacite bwino kuyamba ndi ina yogula kwa munthu pa mtengo wotsika, atatsimikiza kuti dzina ndi nambala yake zili pa mndandanda. Ikayenda bwino kwa masiku angapo, ndiye angaipatse nchito ya nyumba yonse.